Bata la ku Manyamula

Mawu akuti bata ndinadana nawo chaka chimene achimwene anga anachoka ku Lilongwe kudzandiona ku Manyamula, komwe ndinakwatiwa. Atangofika anavula nsapato, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, kumajambula nkhuku ndi foni.

"Achemwali, kuno ndiye kuli bata," anatero. "Moyo wosavuta. Ndikadzapuma pantchito ndidzamanga konkuno."

Apongozi anga anangothokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene," poti sakanatsutsa mlendo. Ine ndinapsa mtima. Bata lanji? Mudzi unalidi zii, koma chifukwa amuna anga ndi azilamu anga onse anali ku Joni, ena osamveka n'komwe. Ng'ombe zolimira tinagulitsa kuti apeze yokwerera. M'mawa womwewo n'kuti nditakankha njinga mumchenga, thumba la chimanga lili pakaliyala, kukafika kuchigayo n'kupeza dizilo watha.

Sabata isanathe, achimwene aja anayamba kudandaula kuti foni yazima, kenaka kufunsa za galimoto yopita ku Mzimba. Ananyamuka ndi mtedza wanga ndi zithunzi zawo. Bata lija analitama chonchija sanatengeko ngakhale pang'ono. Anandisiyira lonse.