Kabati ya a Manda Pansi pa Mlatho wa Luweya

Ntchito yanga yoyamba nditavula zausilikali ndinaipeza ndi bodza, ngakhale bodzalo silinatuluke m'kamwa mwanga. Kwathu ndi ku Dowa, kumene madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a pachitsime. Nkhondo itatha ndinatsatira mnzanga Kamanga kwawo ku Chintheche, chifukwa tili kunkhondoko anandionetsa chithunzi cha mlongo wake, ine mtima n'kutsalira pachithunzipo. Amalume ake a mtsikanayo anandilandira bwino, koma funso lawo linali limodzi tsiku lililonse: "Ada, kodi mumagwira ntchito yanji?"

Kamanga ananditengera kwa mmwenye wina wa sitolo amene anali ndi boti lachitsulo. Botilo linkalandira katundu wotsika m'sitima n'kukwera naye mtsinje wa Luweya, pobwerera n'kusenza mpunga. "Uyu wawoloka nyanja yamchere kawiri," anatero Kamanga. Zinali zoona. Chimene sananene n'chakuti maulendo onse awiriwo ndinayenda chogona, mutu uli m'ndowa. Mmwenye anandilemba tsiku lomwelo kuti ndikhale wachiwiri kwa kapitawo wa boti.

Kapitawoyo anali a Longwe, bambo wamfupi, wouma thupi, wosakonda kuyankhula. Anaona mmene ndinakwerera m'boti, chokwawa ngati mwana, ndipo za nyanja yamchere sanafunsenso. Anandiphunzitsa kugwira tsigiro, thabwa lowongolera lija la kumbuyo, lomwe ukalikankhira kumanja boti limapita kumanzere. Sabata yonse yoyamba ndinkalowetsa anthu m'bango. Opalasa nkhafi analipo anayi, ndipo panali nsungwi yaitali yokankhira boti pamadzi osaya.

Mumtsinjemo munali malo awiri ovuta. Oyamba anali pabiyo, mpanda wa mitengo ndi bango umene asodzi amatchinga nawo mtsinje kuti mpasa zilowe m'miono yawo. Pakati pake pankakhala khomo, ndipo boti silikanadutsa mwini wake asanazule zikhomo. A Longwe ankaima patali, kutsika, kupereka moni wautali, kumutsinirako fodya mwini biyo, kenako khomo n'kutseguka. Achiwiri anali pamlatho wamitengo wa msewu, womwe unali wamfupi. Pamenepo ankamangirira boti kumtengo, kuyeza ndi mfundo za nsungwi kutalika kwa katundu kuchokera pamadzi, n'kukwera pamlatho kukatsitsa nsungwi yomweyo mpaka ikhudze madzi. Ankachita zimenezi ngakhale titanyamula matumba atatu okha a mchere. Ine ndinkaona ngati n'zaukalamba.

Tsiku lina m'nyengo ya mvula a Longwe anaponda munga wa nsomba, phazi n'kutupa ngati dzungu, boti n'kutsala m'manja mwanga. Tsiku lomwelo m'sitima munatsika a Manda, mtchona amene anatha zaka zambiri ku Joni. Anali atavala suti yoyera, chipewa ndi nsapato zonyezimira, ndipo anabwera ndi kabati ya zovala yaitali kuposa munthu, yokhala ndi galasi chitseko chonse. Kwawo kunali kumtunda kwa mtsinje, kupitirira mlatho.

"Tiigoneke, bambo," ndinatero.

"Kabati iyi yayenda choimirira kuchokera ku Joni," anayankha a Manda. "Siigonera pano. Galasi likasweka, mwandiswera ukwati."

Zinamveka kuti akazi awo anawadikira zaka zonsezo osalandira kalata, ndipo kabatiyo ndiyo inkapita kukawapepesera. Tinaiimika pakati pa boti, tinaphimba galasi ndi nsalu, n'kuimanga ndi zingwe mbali zinayi. A Longwe, ali khale pamchenga, phazi lili m'mwamba, anangoti, "Mukayeze."

Titafika pabiyo ndinafuna kuti opalasa aone kuti lero pali msilikali. Ndinaimirira kutsigiro n'kufuula kuti atsegule khomo. Mwini biyo, nkhalamba ina imene inkasoka mono pagombe, inagontha makutu nthawi yomweyo. Ndinafuulanso. Inatembenuka n'kutipatsa msana. Wopalasa wina, dzina lake Mhone, anandinong'oneza kuti munthu ameneyo amamva ndi fodya. Ndinatsika, madzi m'chiuno, ndinakakhala pansi, ndinayamba moni, fodya ali m'manja. Anandifunsa za kwathu, za mvula ya ku Dowa, za nkhondo ngati inathadi. Pamene ankazula zikhomo dzuwa linali litapendeka, ndipo madzi anali atasanduka ofiira, akubwera ndi zinyalala. Kumapiri kunali kutagwa mvula, mtsinje unkadzaza. Ine ndinaziona, koma sindinadziwe tanthauzo lake.

Mlatho utaonekera, Mhone anatenga chingwe kuti amangirire. Ndinamuletsa. Nthawi inali itatha kale, komanso ndinali nditachita manyazi pabiyo paja. Ndinatsinzina diso limodzi monga tinkachitira ndi mfuti, ndinayang'ana kabati, ndinayang'ana mlatho, ndipo ndinati, "Ikwana. Palasani."

Mutu wa boti unalowa bwinobwino. Kenako tinamva kulira kwa matabwa. Kabati inadutsa mtanda woyamba mochita kukhula, n'kukakamira pa wachiwiri. Tinapalasa chobwerera, osatheka. Tinakankha ndi nsungwi, osasuntha. Choopsa chinali chakuti madzi ankakwerabe, akunyamula boti, boti likukanikizira kabati kumlatho. Denga la kabati linayamba kulira pang'onopang'ono. Kuigoneka kunali kosathekanso, poti inali itapanika pamwamba ndi pansi. A Manda anakumbatira galasi lawo ndi manja onse, akuyankhula chinenero cha kumigodi chomwe ndikuthokoza kuti sindinkachimva. Ine ndinaona ntchito ikupita, ukwati wa a Manda ukupita, wanga womwe.

Kumunsi kwa mlathowo kunali amayi amene ankavuula chinangwa chimene ananyika m'madzi kuti apange ufa wa kondowole. Mmodzi wa iwo, mayi wamkulu thupi amene anzake ankamutcha Anyaphiri, anatiyang'ana kanthawi manja ali m'chiuno.

"Ada, mlatho sungakwere," anatero. "Tsitsani boti."

"Nditsitse bwanji, amayi?"

Anaitana anzake m'Chitonga, ndipo onse anasenza madengu a chinangwa chonyowa, kulowa m'madzi, n'kuyamba kukwera kumbuyo kwa boti komwe kunali kusanalowe pansi pa mlatho. Amene simunamvepo fungo la chinangwa chovuula kumene, thokozani. Madenguwo ankadontha, ndipo Anyaphiri ankauza aliyense pokhala, wina kutsogolo, wina pakati. A Manda anawakhazika pansi, dengu lina n'kuwaika pamiyendo.

"Ama, suti iyi ndi ya ku Joni," anadandaula a Manda.

"Ndiye yazolowera ntchito. Gwirani."

Atakwera amayi asanu ndi atatu, kabati inali itagwirabe. Anyaphiri anakwera pomaliza, n'kudzikhazika pakati penipeni. Boti linatsika mwina zala zinayi, ndipo pakati pa kabati ndi mtanda panaoneka kuwala. Madzi anatsala pang'ono kulowera m'mbali. Tinasiya nkhafi, tinagwira mitanda ya mlatho ndi manja, n'kumadzikoka pang'onopang'ono mpaka tinatulukira kuseri.

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma titatuluka padzuwa, nsalu imene inaphimba galasi inali itagwa, ndipo mayi wina anadziona thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, koyamba m'moyo wake. Anaitana mnzake. Mnzakeyo anaitana wina. Onse anakhamukira mbali imodzi, boti n'kupendekeka. A Manda anadzuka kuti awaletse, dengu lili m'manja, ndipo anapita chagada m'madzi, iwo ndi dengu lomwe. Mhone anawavuula ndi nsungwi. Chipewa chinapita kunyanja chokha.

Tinawatsitsa amayiwo pagombe, ndipo mwini dengu lija sanachoke mpaka a Manda atalowanso m'madzi kukatola chinangwa chake. Tinafika kumudzi kwawo kabati ili ndi chipsera chachitali padenga, galasi lili lamoyo. Mwini wake ndiye anali wofiira ndi matope, akununkha kondowole. Akazi awo anatuluka nkhope ili gwa, monga munthu amene wakhala zaka akukonza mawu. Anawayang'ana amuna awo, anayesa kulimba, koma kuseka kunawaposa mpaka anakhala pansi. Mawu aja anawanena ndithu, koma mawa lake, ndipo a Manda anandiuza patapita nthawi kuti anali atachepa mphamvu.

M'mawa mwake ndinakawafotokozera a Longwe zonse, osabisa kanthu, chifukwa nkhani inali itandipitirira kale panjira. Anamvetsera akusisita phazi lawo.

"Munayeza?"

"Ndi maso."

"Maso alibe mfundo," anatero, akundipatsa nsungwi. "Ndipo amene anakutulutsani mukamuthokoze."

Sanakandinenere kwa mmwenye. Ndinagwira ntchito ya botilo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo nditakhala kapitawo opalasa atsopano ankandiseka pondiona ndikukwera pamlatho ndi nsungwi, boti lili ndi matumba ochepa okha. Ndinkawasiya aseke. Chimene ndinasunga n'chakuti mtsinje wa dzulo si wa lero, ndiponso munthu amene wakhala pagombe amadziwa zimene wa m'boti sakuziona, choncho umayamba ndi moni usanalowe m'mavuto.

Anyaphiri ndinakawathokoza ndi mchere ndi nsalu. Analandira, anayang'ana nsaluyo mbali zonse, kenako anandifunsa ngati ulendo wina ndidzabwerenso ndi galasi, chifukwa iwo tsiku lija, potanganidwa ndi kutipulumutsa, sanadzione.