Shedi ya Kuseri kwa a Chavula

Ndikakumbukira anyaKumwenda, ndimamva fungo la fodya wouma lomwe linkakakamira m'zitenje zawo ngakhale atazichapa ndi sopo wamtanda, ndipo ndimamvanso kulira kwa zidebe zawo ziwiri zikugundana panjira ya kumjigo, m'mawa, masana, madzulo, ngati munthu womwetsa khola lonse la ng'ombe, chonsecho pakhomo pawo panali nkhuku zokhazokha.

Tinkakhala kufupi ndi Mhuju. Kwathu ndi ku Dedza, koma amayi, omwe anali mlangizi wa zaumoyo, anawatumiza ku Rumphi ine ndili sitandade 4. Nyumba yomwe tinkachita lendi inayandikana ndi ya a Chavula, amuna awo a anyaKumwenda. A Chavula ankalima fodya, anali ndi njinga yamoto ndi mafoni awiri, ndipo ankaseka ndi aliyense. Akazi awo sankaseka. Anali mayi woonda, wa mawu apansipansi, wolankhula Chichewa chokoka ngati akuimba, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kunena "yewo" pothokoza ndi kusenza ndowa osagwirira. Ndikawafunsa za madzi ambiriwo ankangoti, "Mwana wane, ludzu silifunsa kuti kwanu n'kuti."

Kuseri kwa nyumba yawo, kupitirira chigafa, kunali shedi ya njerwa yosungiramo mabelo a fodya, yopanda zenera, ya chitseko cha malata ndi loko wamkulu. Ana tinaletsedwa kufikako. Ankati muli mankhwala a fodya.

Loweruka lina dzuwa lili paliwombo, amayi anandituma kukabwereka sefa. Sindinapeze munthu pakhomo. Thadzi lathu linali litasowa masiku awiri, ndiye nditamva phokoso kuseri ndinalowera komweko, poganiza kuti likuikira m'chigafa. Silinali thadzi. Munthu ankatsokomola m'shedi muja. Kenaka wina, kenaka winanso. Fungo lomwe linkatulukira pansi pa chitseko silinali la fodya: linali la mkodzo, la thukuta, la anthu ambiri opumirana mpweya. Chapansi, pomwe njerwa imodzi inagumuka, panatuluka zala zazitali zoonda zikupapasa dothi. Ndinagwada n'kusuzumira, ndipo ndinakumana ndi diso. Mwini disoyo ananong'ona m'chilankhulo chomwe ndinali ndisanachimvepo, kenaka analoza kukamwa kwake.

Pomwepo dzanja linatera paphewa langa.

"Ukufuna chiyani kuno, mwana wa adokotala?" Anali a Chavula.

"Nkhuku yathu, adada."

"Waipeza?"

"Ayi."

"Nanga waona chiyani?"

"Palibe."

Anaseka monga mwa masiku onse, n'kundisansa fumbi la m'mawondo ndi chipewa chawo. "Wachita bwino chomene. Mwana wosaona kanthu amakula. Amayi ako amapalasa okha njinga popita ku sikelo kumidzi ya kumapiri, eti? Njira zija n'zachete."

Ndinabwerera kunyumba popanda sefa, ndipo ndinanama kuti ndapeza potseka. Masiku anayi ndinakhala nacho chinthucho mumtima. Chakudya sichinkatsika. Kusukulu mnzanga akatsokomola ndinkadzidzimuka. Amayi akakwera njinga m'mawa, ndinkaima pamsewu mpaka atazimiririka, n'kumadzifunsa ngati ndiwaonanso. Anandiyeza malungo, sanapeze kanthu.

Lachitatu m'mawa, amayi akumanga bokosi la katemera pakaliyala, anyaKumwenda anabwera n'kugwada pakhonde. Amuna awo anali atapita ku Mzuzu ndi mabelo.

"Adokotala, ndithandizeni mankhwala a m'mimba."

"Akudwala ndani, amama?"

"Alendo."

"Alendo angati?"

AnyaKumwenda anamasula mfundo ya pachitenje n'kuika kiyi pasimenti. "Ndamuba m'jekete mwa amuna anga. Mmodzi sakudzuka kuyambira dzulo. Akabwerako andipha, ndikudziwa, koma ndatopa kumwetsa ana a eni kudzera pabowo ngati mbuzi."

Apo ndiye ndinalira, n'kuulula zonse, mpaka za njira zachete zija. Amayi anatsamiritsa njinga kukhoma, naimbira foni kuchipatala ndi kupolisi. Anandiuza kuti nditsale m'nyumba, koma kutsala ndekha kunkandiopsa kuposa kuwatsatira.

Chitseko cha malata chitatseguka, amayi anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Anthu anayamba kutuluka, amuna aataliatali oonda, ataphimba maso kuopa dzuwa, ena akukwawa chifukwa mawondo anali atakana. Ankangotulukabe, osatha. Sindinkamvetsa kuti onsewo ankakwanamo bwanji m'kachipinda kaja. AnyaKumwenda ankayenda pakati pawo ndi chidebe ndi kapu, ndipo wina atawagwira m'mapazi akulira, iwo anatembenukira kumbali. Womaliza anamutulutsa anzake atamunyamula m'bulangete, nkhope yophimba.

Pambuyo pake ndinamva akuluakulu akunena kuti anali a ku Ethiopia. Anawalonjeza ntchito ku Joni, n'kuwadutsitsa m'malire m'lole yofunditsa lona, akuwasinthanitsa kwa munthu uyu ndi uyo ngati matumba a chimanga. Shedi ija inali podikirira. Ankawatsekera mpaka abale awo atatumiza ndalama zina, ndipo gulu likachoka linkabwera lina.

A Chavula sanabwerere. Wina anawatsina khutu ali m'njira, ndipo mpaka lero sindinamve kuti anagwidwa. Apolisi anatenga alendowo, natenganso anyaKumwenda. Masabata otsatira, njinga yamoto ikalira pamsewu ndinkathawira pansi pa bedi. Amayi anasiya kuyenda okha, ankaperekezedwa ndi wamkulu wina wa kutchalitchi, ndipo anapempha kuti atisamutse.

AnyaKumwenda anatuluka m'ndende patapita miyezi. Azilamu awo anawakanira pakhomo, ati anagulitsa banja, ndiye anabwera kwathu kudzatsanzika popita kwawo cha ku Kazuni, katundu wawo yense ali m'kathumba kamodzi. Anandiitana, n'kundikhazika pafupi.

"Tsiku lija ndinakuona, ndinali m'bafa la udzu," anatero. "Ndinamva zonse zomwe anakuuza, koma sindinatuluke. Iwe unakhala chete masiku anayi, mwana wane. Ine zaka zitatu. Mlanduwo ndisiyire ine."

Sindinawaonenso. Ndipo mlanduwo sindinathe kuwasiyira wonse, chifukwa sindidziwa ngati munthu wa m'bulangete akanadzuka ndikanalankhula Loweruka lomwe lija. Dzina lake palibe anandiuza. Anamuika kumanda a boma, kutali ndi aliyense womudziwa.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo ndili ndi kalasi ya ana a msinkhu womwe ndinali nawo nthawi ija. Mwana wochangamuka akangoyamba kukhala chete, osadya phala, akudzidzimuka pachabe, anzanga amati mwina ndi malungo. Ine ndimadikira belu, ena onse atuluke, n'kukhala naye pabenchi. Sindimufunsa kuti chikupweteka n'chiyani. Ndimamufunsa kuti, "Wakuuza ndani kuti usanene?"