Mphika Wofumbwa wa Gulu Lathu

Ndikukumbukira fungo la nandolo wofumbwa, fungo lafumbi lokanda pakhosi, limene linadzaza kalasi yathu ya sitandade 6 ku Chikweo. Aphunzitsi athu, a Makwinja, analowa ndi lichero la nandolo wobookabooka n'kuliika patebulo. Pabolodi sanalembepo kanthu. Anangofunsa kuti: tingatani kuti nandolo wa makolo athu afike dzinja asanathe ndi anankafumbwe?

Tinadikira yankho, koma silinabwere. Anatigawa m'magulu, gulu lililonse ndi mphika wake, n'kutiuza kuti tikafunse kumudzi, njira tisankhe tokha. Ena anasakaniza nandolo ndi phulusa, ena masamba a nimu, ena mchenga wakudambo. Ife tinasankha tsabola, chifukwa ndinakakamira kuti chinthu chotulutsa misozi munthu wandevu sichingalephere kachilombo. Tinasinja tikuyetsemula mpaka a sitandade 5 anadandaula.

Lachisanu lililonse tinkavundukula miphika. Ya anzathu inali bwino. Wathu unayamba kuyenda. Anankafumbwe ankakwera pamwamba pa tsabolayo onenepa, ngati tawakonzera ndiwo. Ndinapempha a Makwinja atiuze cholakwika, iwo anangoti mphika ndi wathu, funso ndi lathunso.

M'gulu mwathu munali Asiyatu, mtsikana wa mpango woyera, wosayankhulayankhula. Iye anayamba kung'amba njere ndi singano, ndipo anapeza timphutsi m'kati mwa njere zopanda bowo. Tinafufuza, n'kupeza kuti anzathu anayamba ayanika nandolo wawo padzuwa mpaka gwa, pomwe ife tinangomenya wochokera kumunda n'kuthira mumphika. Mdani tinamutsekera m'kati tokha.

Tsiku loonetsa makolo kunabweranso alendo a ku Boma. Ahedi anayendera miphika m'mawa, ndipo atavundukula wathu anagwira mphuno.

"Uwu ukaikeni kuseri kwa zimbudzi. Musatichititse manyazi."

A Makwinja anayang'ana pansi. Ine ndinali nditawerama kale kuti ndiunyamule.

"Ngwamba," anatero Asiyatu, kukana m'Chiyao chimene chinali choletsedwa pasukulu. Kenaka anabwereza: "Iyayi, ahedi. Tavutika nawo. Makolo auone."

Anapinda nkhata, anausenza, n'kukautula kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi nsapato za alendo. Anakhuthulira nandolo palichero, tizilombo tili balala, n'kufotokoza zonse osaima. Amayi amene anadutsa miphika yabwino ija mongogwedeza mutu, apa anaunjikana. Ena anapempha singano kuti ang'ambe okha.

Chilango chathu chinali kukumba dzenje la zinyalala. Ndinakumba ndine, Asiyatu ankakokolola dothi, akundikumbutsa za munthu wandevu. Patapita zaka, nditamaliza koleji, ndinamukwatira.

Asiyatu tinamuika m'manda dzinja lathali. Za izi sindinena zambiri.

Lero ndimaphunzitsa ku Balaka. Ana ndi ambiri kuposa kale, mayeso ndiwo akulamulira chilichonse, ndipo mankhwala othira m'matumba ali m'golosale iliyonse. Komabe chaka chilichonse ndimalowa m'kalasi ndi funso lochokera kumudzi kwa anawo, limene yankho lake sindiwapatsa. Ahedi anga andiitana kangapo kuti ndikutaya nthawi, silabasi ikutsalira. Anzanga amandilankhula mofewa, ati ndipume, maliro akadali m'mutu. Ndimawathokoza, n'kubwerera ku magulu anga.

Chaka chino funso linali la madzi oima pamjigo. Gulu lina linakumba ngalande yomwe inabweza madzi onse pakhomo la kalasi. Dzulo ahedi anati makolo akabwera, gulu limenelo lisayankhule.

Ndawauza kuti iyayi. Tiyamba ndi gulu lomwelo.