Manati asanu ndi atatu a galimoto ya ababa

Kwathu ku Kabudula, kuseri kwa nyumba ya amayi, kuli mtengo wa mango umene pansi pake sipamera udzu mpaka lero. Alendo amati n'chifukwa cha mthunzi. Ine ndimadziwa kuti ndi oyilo wa galimoto ya ababa amene anadontha pamenepo zaka zambirimbiri, ndipo ndikaima pamalopo ndimakumbukira chaka chimene ndinatsala pang'ono kuwachititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse.

Ndinali mu Sitandade 4 pamene galimotoyo inabwera. Kunena kuti inabwera n'kuikometsera chabe, chifukwa inachita kukokedwa ndi ng'ombe zathu ziwiri kuchokera ku esiteti ina ya fodya cha ku Namitete. Inali yobiriwira mwa apo ndi apo, kwinako dzimbiri lokhalokha. Kumbuyo kwake kunali mabenchi awiri oyang'anizana ndi tenti yong'ambika, ndipo m'kati munkanunkha fodya wakale, dizilo ndi makoswe. Ababa, amene paunyamata wawo ankathandiza woyendetsa thirakitala, anaizungulira katatu akuisisita. Anatiuza kuti iyi sinali galimoto wamba. Inkakoka ndi matayala onse anayi, ndipo pamene malole amatitimira iyo imangodutsa osacheuka.

Kwa ng'ombe zija, imeneyo inali ntchito yomaliza pakhomo pathu. Ababa anali atazigulitsa kale kuti apeze galimotoyo, ndipo wogula anali amalume a Banda, mlongo wawo wa amayi. Apa ndiye panali nkhani. Ababa anali mkamwini pamudzipo. Anali atalimapo zaka makumi awiri, atamanga nyumba ya njerwa zootcha, atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, koma kwa amalume anali adakali mlendo wofika dzulo. Masana aliwonse amalume ankabwera ndi kampando kawo, n'kukhala pansi pa mango kumaonerera.

"Alamu, khola la nkhukuli mwasankha labwinodi," ankatero. "Lili ndi magalasi omwe."

Ababa ankangomasula zitsulo n'kumapita nazo m'chigafa, poti fodya anali atapita kale kumsika. Mmenemo anayala ziguduli pansi, ndipo chitsulo chilichonse ankachiika pamzere wake monga ankachitira posankha fodya: zazikulu uku, zazing'ono uku, choyamba kumasulidwa kumanzere, chomaliza kumanja. Buku analibe. Mizere imeneyo ndiyo inali buku lawo, ndipo ana tonse tinauzidwa kuti wopondamo adzaona zakuda.

Ine ndinali ndi vuto langa. Kusukulu atsikana tinkasewera phada nthawi yopuma, ndipo ndinali wotsalira. Mumakumbukira mmene timachitira: kukumba kadzenje, kuikamo timiyala, kuponya mwala umodzi m'mwamba, kukokera tinato panja, n'kuwakha uja usanagwe. Timiyala tanga tinkangomwazika, ndipo mnzanga Malita, amene anali ndi zala zazitali ndi pakamwa potalika kuposa zalazo, ankandiseka tsiku ndi tsiku.

Lachinayi lina ababa atapita kumsonkhano wa akulu a mpingo, ndinasuzumira m'chigafa. Sindinalowe ndi maganizo oipa, ndinkangofuna kuona. Pachiguduli chakumapeto panali chitsulo chachitali ngati musi waufupi, chimene ababa ankachitcha shafuti, ndipo pambali pake panali manati asanu ndi atatu atandandalikidwa bwinobwino. Onse anali ofanana kukula, olemerera bwino m'dzanja, ndipo ndinaona msanga kuti chinthu cha makona chotere sichingagubuduzike. Ndinadziuza kuti ndingobwereka mpaka mawa. Ndinawakwecha ndi phulusa ndi mchenga kuseri kwa bafa mpaka anayamba kuwala, n'kuwamanga m'kansalu.

M'mawa mwake kusukulu ndinali mfumukazi. Manatiwo ankatuluka m'kadzenje pamodzi, akulira kuti ngwee, ndipo atsikana a Sitandade 6 omwe anabwera kudzapempha kuti agwireko. Mawa lija linasanduka mkuja, mkuja n'kusanduka sabata.

Ababa anazindikira Loweruka la sabata yotsatira. Anakutumula ziguduli zonse, anasefa dothi la m'chigafa ndi sefa ya amayi ya ufa, anakayendera ndi m'khola la mbuzi momwe. Atatopa anayamba kuyang'ana amalume cham'mbali, ndipo amalume ataona zimenezo anakwiya osabwera masiku atatu. Ndikuchita manyazi kunena kuti pa ana onse, amene anafufuza mwakhama kwambiri ndinali ine. Ndinakwawa ndi pansi pa nkhokwe pomwe, kansalu kaja kali m'chiuno. Ababa anandiyamikira, ndipo pondiyamikirapo anandifotokozera kuti shafuti ija ndi imene imapereka mphamvu ku matayala akutsogolo. Popanda iyo, akutsogolowo amangotsatira, galimoto n'kukhala ngati ina iliyonse.

Anapalasa njinga mpaka ku Nsaru, koma manati a kumeneko anali a njinga ndi ngolo, osalowa pamabawuti a galimoto yachikale ija. Ndinaganiza zowabweza mwakachetechete. Tsoka lake, sabata yomweyo Malita anandiputa kuti tisewere ndi manati anga, wopambana atengepo imodzi. Ndinavomera chifukwa cha matama, ndipo anandigonjetsa pamaso pa kalasi yonse. Anatsala asanu ndi awiri. Asanu ndi atatu akanapezeka pansi pa chiguduli, ababa akanati maso awo ndiwo anawanamiza. Koma asanu ndi awiri, owala ngati masupuni a alendo, akanadziwikiratu kuti adutsa m'manja mwa munthu, choncho ndinangokhala chete.

Nthawi imeneyo n'kuti pakhomo pali piringupiringu wa ukwati wa akulu anga a Felesiya, umene unali woti uchitike kumayambiriro kwa Disembala. Tchalitchi chathu chinali kutsidya kwa dambo. Abale atasonkhana kukambirana za mwambowo, amalume, monga nkhoswe, ananena kuti mkwatibwi adzakwera ngolo yawo, ndipo ng'ombe adzazimangirira maluwa. Ababa anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga adzapita kutchalitchi pagalimoto ya bambo ake," anatero. "Kugwe mvula, kusagwe."

Injini inalira kutatsala masabata awiri. Inatsokomola, inalavula utsi wakuda umene unabalalitsa nkhuku zonse, kenako inagwira. Ana tinathamangira pambuyo pake mpaka kumsewu. Koma tsiku lomwelo madzulo, ndili m'mwamba mwa mango uja kufuna zoyamba kupsa, ndinaona ababa akutuluka m'chigafa, akuyang'ana uku ndi uku. Ananyamula shafuti ija itakulungidwa m'chiguduli, n'kuilowetsa pansi pa benchi yakumbuyo. M'mawa mwake ndinawamva akuuza anthu kuchigayo kuti galimoto yawo imakoka ndi matayala onse anayi. Pamenepo ndinadziwa kuti pakhomo pathu panali anthu awiri obisa kanthu, ndipo tonse tinkapemphera kuti mvula ichedwe.

Inagwa Lachisanu masana, ukwati uli mawa lake. Inagwa yeniyeni, yonunkhiritsa dothi, ndipo amayi ophika anathamanga ndi nkhuni pamutu kukabisala m'chigafa.

Loweruka m'mawa tinakwera. A Felesiya anakhala kutsogolo ndi diresi yoyera, amayi ndi azakhali pamabenchi, ine pakati pawo ndi diresi yapinki yondithina m'khwapa. Kansalu kaja ndinakamangirira m'kati mwa diresi, poti ndinamva kuti kuukwati kubwera atsikana a midzi ina odziwa phada. Kumbuyo kwathu, patali pang'ono, kunkabwera ngolo ya amalume. Anati anyamula mipando, koma ng'ombe zinali zitamangidwa maluwa.

Tinalowa m'dambo amayi akuimba. Pakatikati, pamene pamakhala dothi lakuda lamakande, nyimbo inayamba kuzilala. Matayala akumbuyo anazungulira, anaponya matope m'mwamba, galimoto inapendekera kumanzere n'kukhala pansi. Ababa anayesa kutsogolo, anayesa kumbuyo. Akutsogolo aja anangoti duu, osathandizako ngakhale pang'ono. Anthu oyenda pansi anatipeza, anayamba kuunjikana, ndipo posakhalitsa tinamva mabelu a ng'ombe.

"Alamu, paja munati imakoka ndi anayi?" anafunsa amalume ali pangolo. "Kapena awiriwo sanadye m'mawa uno? Tsitsani mwanayo akwere kuno, abusa akudikira."

Anthu anaseka. A Felesiya anayamba kulira mwakachetechete pansi pa chophimba kumaso. Ine ndinasuzumira kutsogolo n'kuona ababa atagwira chiwongolero ndi manja onse, khosi lawo likutuluka thukuta pakolala yoyera. Mtima unandipweteka kwambiri, kuposa mmene chikwapu chilichonse chikanandipwetekera, chifukwa ndinadziwa kuti akulu anga akakwera ngolo ija, ababa sadzadzutsanso mutu pamudzi paja.

Ndinadumpha m'matope ndi nsapato zatsopano, n'kuzungulira kuchitseko chawo. Ndinamasula kansalu kaja ndi kukaika pamwendo pawo. Anatsegula, anayang'ana manati, anayang'ana ine. Ndinaona kuti imfa yanga yafika, choncho ndinaganiza zofera limodzi ndi mnzanga wobisa kanthu uja.

"Ababa," ndinanong'ona, "chitsulo chija chili pansi pa benchi imene akhalapo amayi."

Ababa anatsika, anakweza manati m'mwamba kuti aliyense aone, ndipo mkulu wa mpingo uja ananama bodza loyera pa tsiku la ukwati wa mwana wake.

"Taonani ukalamba, anthuni. Miyezi yonseyi anali m'thumba la jekete."

Amayi, amene anasita jeketelo m'mawa womwewo ndi kupisa m'matumba onse, anangoyang'ana kumwamba n'kusuntha miyendo kuti shafuti ituluke. Amalume anafunsa kuti nanga chitsulo chachikulu chotere chimatani pansi pa benchi. Ababa anayankha akuvula jekete kuti chimasungidwa mmenemo kuti chisathe msanga.

Amuna anathyola bango, anaika mwala pansi pa jeke, ndipo ababa anagona chagada pachiguduli ndi buluku la suti. Ine ndinanjuta pambali, ndikumva sipanala ikugogoda. Ndinkawerenga mumtima. Atamanga yachisanu ndi chiwiri, dzanja lawo linatuluka pansi pa galimoto n'kupapasa pakansalu. Linapapasanso kachiwiri. Linakhala kaye phee, kenako mawu anamveka opempha kawaya, ndipo mnyamata wina anakamasula kuchokera pangolo ya amalume.

Ababa anakwera, msana wonse uli matope, n'kukoka kagiya kakafupi kolumikiza matayala akutsogolo, kamene mpaka tsikulo kankangokhala ngati chokongoletsera. Galimoto inabuula, inanjenjemera, ndipo matayala akutsogolo anagwira nthaka. Inatuluka pang'onopang'ono ikuwaza matope mbali zonse, ndipo ambiri anagwera amalume, amene anali atayandikira kuti aonetsetse. Amayi anayambiranso nyimbo pamene inalekera. Tinafika kutchalitchi mochedwa ndi ola lathunthu, ndipo pachithunzi cha ukwatiwo ababa ndi amalume aima moyandikana, onse akuda mpaka m'mawondo, mmodzi yekha ndiye akumwetulira.

Ndinadikira chikwapu sabata yonse, kenako mwezi. Sichinabwere. Ababa sanatchulepo za manati, inenso sindinatchulepo za benchi. Galimotoyo inayenda zaka zambiri ndi manati asanu ndi awiri ndi kawaya, ikunyamula mabelo a fodya, amayi apakati ndi maliro, ndipo tsiku lina m'nyengo ya mvula inathamangitsira amalume omwewo kuchipatala atalumidwa ndi njoka.

Masiku ano padambo paja anaikapo kalavati, ndipo akwatibwi amadutsa pagalimoto zazing'ono zobwereka, njinga zamoto zikuimba mahutala patsogolo. Galimoto ya ababa inatha, inakhaladi khola la nkhuku monga ananenera amalume, mpaka chaka chatha pamene ogula zitsulo zakale anadzaitenga. Nditapita kumudzi ndi mwana wanga wamkazi, tinapeza ababa atakhala pansi pa mango, maso atayamba kuchita khungu. Anaitana mdzukulu wawo, n'kumuthira m'manja manati asanu ndi awiri amene anamasula galimoto isanapite. Mwanayo, wozolowera masewera a pafoni, anandiyang'ana osadziwa chochita nawo.

"Amako akuphunzitsa," anatero ababa. Kenako anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga. "Koma iwe, yachisanu ndi chitatu ija inapita kuti?"

Panali patadutsa zaka makumi atatu. Ndinawauza kuti Malita anandidyera pa phada.

"Ndiye kuti ndinagona m'matope chifukwa cha munthu wosadziwa n'kusewera komwe," anatero, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinasekanso, misozi ikutsika. Kenako ndinagwada pansi pa mango paja, n'kuyamba kukumba kadzenje padothi lakuda ndi oyilo.