Chiswe Chofuna Moni

Pa boma la Chadiza, mukasowa njinga, wilibala, kapena nsapato zopita nazo kuukwati, anthu amakulozerani nyumba ya Trywell Miti, mphunzitsi wa makompyuta pasukulu ina ya sekondale. Munthu ameneyu chibadwire, mawu oti "ayi" anali asanatulukepo pakamwa pake. Kutchalitchi kwawo kwa Pentekosite ali m'kwaya ngakhale kuti akamaimba ana amatembenuka, kungoti anamupempha. Ali m'komiti ya zomangamanga, ali m'komiti ya maliro, ndipo mwanjira imene palibe akuikumbukira, alinso m'komiti ya amayi. Mkazi wake Olipa, amene amagulitsa zitenje pamsika, amati anakwatiwa ndi chitseko chopanda loko.

"Bambo a Prisca, tsiku lina wina adzakupemphani mutu," amatero Olipa, "inu mudzangofunsa ngati akufuna muwakulungire."

Trywell amaseka n'kuvomera kuti n'zoona.

Chimene ambiri pa bomapo sadziwa n'chakuti dzina la Trywell limatchulidwa kumayiko amene iye sanapondeko. Kuli chinenero china cha pakompyuta chotchedwa Chiswe. Munthu amalemba malamulo ake m'chinenerocho, ndiye pali pulogalamu imene imawerenga malamulowo mzere ndi mzere n'kumauza kompyuta zochita. Pulogalamuyo ilibe mwini. Aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuisuzumira m'kati ndi kuikonza, ndipo akakonza penapake amatumiza kachigamba kake kuti kasokereredwe pa pulogalamu ya onse. Trywell analowamo adakali kukoleji, chinenerocho chili chakhanda, moti ngakhale dzinalo anatcha ndi iye. Gulu la anthu osoka zigambawo litakula, panafunika munthu wosunga kiyi wotulutsira mavesheni atsopano a pulogalamuyo. Onse anazemba. Ndiye Ethan, mkulu wa gululo amene amakhala ku Canada, anafunsa Trywell, ndipo yankho lake mukulidziwa kale.

Koma tinene zoona, pa zonse zimene anavomera pamoyo wake, ntchito iyi yokha ndi imene ankaikonda ndi mtima wonse. Kutulutsa vesheni kuli ndi mwambo wake. Tsiku likamayandikira, wosunga kiyi amatseka chitseko, zigamba zatsopano zidikire ulendo wina. Kenako amayendetsa mayeso kuti aone ngati posoka apa sanang'ambe pena. Akatero amatulutsa vesheni yolawitsa kuti anthu ofuna ayese, ndipo pakapanda dandaulo amasaina ndi kiyi uja n'kuikweza pa intaneti. Tsiku losainalo Trywell ankavala tayi, n'kukhala pawindo la kusitafu, chipinda cha aphunzitsi, pamene netiweki imagwira, nkhope ili ngati ya munthu wodalitsa ukwati. Aphunzitsi anzake ankangoganiza kuti kukubwera oyendera sukulu.

Vuto linali pachitseko chija. Ndani anaona mlonda wosadziwa kukana? Vesheni yachitatu inayenera kutuluka mvula yoyamba isanagwe. Chimanga chinamera, chinakhwima, anthu anakolola n'kuyamba kutonola, vesheni osatuluka. Trywell akangoti watseka, wina ankagogoda kuti, "Kamodzi kokha aka, n'kakang'ono." Kwa iye chigamba chinali mphatso, ndipo munthu wobwera ndi nkhuku m'manja sumubweza pakhomo. Ankalandira, kuthokoza, mayeso n'kuyambiranso pachiyambi.

Ethan anapirira mpaka mtima unakwana. Analemba kuti, "Trywell, ndiwe munthu wabwino kuposa onse amene ndikuwadziwa, ndipo ukutipha. Vesheniyi ikapanda kutuluka Loweruka lino, kiyi tipereka kwa wina."

Trywell anayankha kuti chabwino, koma tsiku limenelo chakudya sichinamulowe. Njinga atenge, nsapato atenge, koma kiyi! Anaganiza mozama n'kupeza nzeru. Popeza kukana sangathe, ndi bwino asamve kugogodako. Anasiya kuwerenga mauthenga onse a zigamba. Nzeruyo inagwira ntchito bwinobwino mpaka Lachitatu masana, pamene chigamba chinafika pa njinga.

Anabwera nacho a Bonaventure Sakala a ku Mlolo, mphunzitsi wopuma pantchito. Iwowa ndi amene anaphunzitsa Trywell masamu, kumusunga m'nyumba mwawo pamene kwawo kunali kutali ndi sukulu, ndiponso kumugwiritsa kompyuta koyamba. Atapuma ntchito anagula laputopu yakale ndi kasola, n'kudziphunzitsa okha Chiswe, poti sakanalola kuti mwana amene anamulera adziwe chinthu chimene iwo sachidziwa. Anakhala pampando, kumwa madzi, kufunsa za Olipa, za Prisca, za sukulu ndi za mbuzi zimene Trywell alibe. Kenako anamasula mpango n'kutulutsa fulashi mmene munali chigambacho.

"Mwana wanga, chinthu chakochi n'chanzeru, koma n'chamwano," anatero a Sakala. "Munthu ukachitsegula chimangokuyang'ana ndi kamzere kophethira. Ngakhale moni? Anthu akunja aziti kwanu munaleredwa motero? Ndiye ndachiphunzitsa ulemu."

"Aphunzitsi, kungoti chitseko..."

"Chatani chitseko?"

"Palibe, aphunzitsi. N'chotsegula."

Analandira fulashiyo ndi manja awiri.

Chigamba cha a Sakala chinali chosokedwa bwino, zimenezo osawanamizira. Ukatsegula pulogalamu, inkalemba kuti, "Mwauka bwanji?" n'kudikira. Ukayankha, inkafunsa kuti, "Nanga kunyumba?" Ukayankhanso, inkafunsa za ana. Ndipo sinkagwira ntchito iliyonse mpaka iwenso utaifunsa kuti, "Kaya inu?" Pamenepo inkanena kuti yauka bwino, zikomo, n'kuyamba kuwerenga malamulo ako.

Madzulo ake Trywell anayendetsa mayeso ali pakhonde. Mayeso oyamba anaima n'kufunsa mmene waukira. Trywell anayankha. Achiwiri anafunsanso, iye anayankhanso. Zala zinkangolemba zokha, chifukwa munthu akakupatsa moni suyamba waganiza kaye, umangoyankha. Olipa anabwera kuchokera kumsika n'kumupeza akung'ung'udza kuti, "Ana ali bwino, kaya inu?"

"Mukulankhula ndi ndani?"

"Ndili pantchito, amayi a Prisca."

"Mwana tili naye mmodzi. Enawo ali kuti?"

Mayeso onse anadutsa. Trywell anaona kuti palibe cholakwika, kungoti atenga nthawi yaitaliko, ndipo anatulutsa yolawitsa ali wokondwa. Chimene sichinamufike m'mutu n'chakuti Chiswe nthawi zambiri chimagwira ntchito pamakina opanda munthu pafupi, makina ongodziyatsa okha n'kuchita zimene anauzidwa.

Kutacha Lachinayi foni inayamba kunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Mlimi wina wa ku Brazil anali atayesa yolawitsayo pamapampu ake othirira tomato. Mapampu anaima, tomato akufota, ndipo pakompyuta panali funso limene sankalimva. Mayi wina wa ku Japan anali atafufuza tanthauzo lake n'kuyankha mwaulemu, koma tsopano ankafunsa ngati pa funso la ana angatchule mphaka. Bambo wina anaopseza kuti akasuma, chifukwa pulogalamu ikufufuza za banja lake. Uthenga wa Ethan unali waufupi. "Makina athu oyesera akudikira kuyambira dzulo. Akufunsidwa za ana. Trywell, makinawo alibe ana. Chotsa chigambacho, apo ayi Loweruka ubweze kiyi."

Kuchotsa chigamba ndi ntchito ya kanthawi kochepa, madzi a tiyi asanawire n'komwe. Koma kutaya mphatso ya munthu wamkulu iye osadziwa, n'kudzakumana naye pamaliro ukumwetulira, Trywell anaona kuti umenewo ndi ufiti weniweni. Panalibe kuchitira mwina koma kupita ku Mlolo, kukakhala pamaso pa a Sakala n'kuwakanira. 

Olipa anati amuthandiza. Anamukhazika pampando ngati mwana wa giredi wani.

"Nenani kuti ayi."

"Ayi."

"Mokweza. Muziganiza kuti munthu akufuna chitenje cha ulere."

"Ayi!"

"Mwakhoza. Tandipatsani foni yanuyo."

Trywell anapereka. Olipa anayang'ana kumwamba n'kunena kuti iye wachita mbali yake, zotsalazo achite Ambuye.

Lachisanu ataweruka ananyamuka. Njinga yake inali kwa munthu amene anaibwereka pa Isitala, choncho anadikira minibasi. Atakwera, mayi wina anamupempha mpando, iye n'kukhala pachigubu. Bambo wina anamupempha kuti amugwirireko mbuzi. Anafika ku Mlolo malaya akununkha tonde, ndipo njira yonse ankangonong'oneza mawu amodzi aja m'khutu la mbuziyo.

A Sakala anamulandira ndi chimwemwe chachikulu. Anatulutsa mipando pansi pa mtengo wa mango, kukazinga mtedza okha, n'kuyamba moni kuchokera pachiyambi. Trywell anayankha zonse. Kenako anayesa kuizungulira nkhaniyo. Anakamba za tomato, kuti ndi mbewu yosachedwa kufota. A Sakala anavomera. Anakamba za dziko la Brazil, kuti ndi lakutali. A Sakala anavomeranso, n'kuwonjezera kuti kumeneko mpira amautha. Dzuwa linayamba kupendeka nkhani isanafike n'pakhomo pomwe.

"Wabwera bwino," anatero a Sakala akutulutsa laputopu. "Ndasoka china. Munthu akamatseka pulogalamu, si bwino kungochoka ngati wakuba. Azitsanzika. Ndiye iyo izimuperekeza pang'ono, izimuuza kuti akapereke moni kunyumba, iye avomere, kenako..."

Trywell anaona mapampu a dziko lonse akuperekezana, tomato akupsa ndi dzuwa, tayi yake itapachikidwa pamsomali mpaka kalekale.

"Ayi," anatero.

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. Nkhuku imene inkatola makoko a mtedza inathawa. Trywell yemwe anatembenuka kuona ngati pali wina kumbuyo kwake.

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi, aphunzitsi. Ichi sindilandira. Ndipo choyamba chija ndikukachichotsa." Anafotokoza zonse, za makina opanda ana, za mphaka wa ku Japan ndi za kiyi.

A Sakala anatsegula laputopu ija n'kuitembenuzira kwa iye. Kamzere kanaphethira, mawu n'kutuluka: "Mwauka bwanji?"

"Chimwalirire amayi ako," anatero a Sakala, kutanthauza akazi awo amene anamulera Trywell ngati wobala okha, "m'nyumba muno wondifunsa mmene ndaukira ndi ameneyu. Ana ali ku Lusaka. Ndiye ndinati mwina kunjako kulinso ena okhala okha."

Trywell anagwidwa ndi manyazi ndiponso chisoni nthawi imodzi. Anali m'makomiti onse a pa boma, ankagwirira anthu osawadziwa mbuzi, koma pakhomo pano anali asanapondepo chiikire maliro a amayiwo, kungoti a Sakala sanamupemphe. Pakamwa pake panayamba kale kukonza mawu akale aja, oti chabwino aphunzitsi, tichisiya momwemo. Anawameza limodzi ndi mtedza.

"Ndamva, aphunzitsi, ndipo zandipweteka. Komabe ayi. Ya anthu onse ituluka yopanda moni. Yanuyi ikhale mmene ilili, sindiikhudza."

"Ukundikanira ine, pakhomo panga, ukudya mtedza wanga?"

"Ee, aphunzitsi."

A Sakala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akufufuza pamene panathyoka. Kenako anapukusa mutu n'kumukankhira mbale ya mtedza.

"Anthu a ku Brazil amenewa," anatero, "anawalera ndani?"

Anamuperekeza mpaka kumsewu, akudandaulabe za ulemu wa masiku ano, ndipo anamunyamulitsa thumba la mbatata limene Trywell sanayese n'komwe kukana, poti mphamvu zokanira zinali zitatha.

Loweruka m'mawa Trywell anavala tayi. Anachotsa chigamba chija, kuyendetsa mayeso manja ali kumbuyo kuti asayankhe chilichonse, kusaina, n'kukweza vesheni yachitatu ali pawindo la kusitafu. Pamndandanda wa othokozedwa analemba dzina la a Bonaventure Sakala a ku Mlolo. Mapampu a ku Brazil anayamba kuthira madzi osapereka moni kwa aliyense. Ethan anatumiza uthenga wa mawu atatu, oti kiyi ukhale naye. Mayi wa ku Japan yekha ndi amene anadandaula kuti anali atayamba kuzolowera.

Lamlungu, asanapite kukwaya, Trywell anaima pakhonde n'kuimba foni ku Mlolo. Inaitana nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, ndine Trywell. Mwauka bwanji?"

"Pali vuto ndi chigamba?"

"Palibe. Ndangoti ndimve mmene mwaukira."

Kumbali inayo kunkamveka tambala akulira. Kenako a Sakala anakhosomola.

"Ndauka, kaya iwe. Koma wachedwa, mnzako wandifunsa kale. Mawa ulawirire."