Ukonde m'khola la ng'ombe

Ndikukumbukira chaka chimene ng'ombe ya mkaka inafika kwathu ku Malindi, ine ndili kamtsikana ka sitandade 5. Bambo anali msodzi, ndipo chiweto chachikulu chomwe tinkachidziwa pakhomo chinali bakha. Atamva kuti bungwe lina litipatsa ng'ombe ya bere, anakonzekera ngati kukubwera bishopu. Anaitana a Saidi, mmisiri womanga nyumba za anthu olemera, kuti khola likhale la simenti pansi. A Saidi sanafune kuchita manyazi. Anaisalaza simentiyo mpaka kuwala, pamene ife eni tinkagona m'nyumba yozira ndi dothi. Mayi ankati ng'ombeyo ikachedwa asamukiramo okha.

Inafika pa lole, yakuda ndi mawanga oyera, mudzi wonse uli pambuyo. Ine chimwemwe chinandiletsa kudya. Koma m'mawa wa tsiku lachitatu, pansi patadzaza ndowe ndi mkodzo, ng'ombe inati idzuke idye nsenjere, miyendo yakumbuyo inaterereka uwu uku uwu uko, ndipo inagwa kuti khu. Ndinalira ngati wagwa ndi m'bale wanga.

Mlangizi wa ziweto anabwera pa njinga yamoto, anaipapasa pamimba, n'kunena kuti mwana ali moyo, koma ikagwanso titaya zonse ziwiri. Kenako anayang'ana pansi paja. "Bambo, apa mwamanga pabalaza. Ng'ombe imafuna pokhakhala kuti ziboda zigwire."

A Saidi anakanitsitsa kukonzanso pansipo. Anati chibadwire sanagwirepo ntchito yokhakhala, ndipo sangayambe atamera imvi. Bambo anakanda mutu, kenako anakatenga ukonde wakale wa zingwe zikuluzikulu, wonunkhabe nsomba. Anamangirira ng'ombe pansi pa mtengo wa mango, anagoba pansi paja ndi nkhwangwa yobuntha, n'kuthira simenti ina yosakaniza ndi mchenga wokhakhala. Pamwamba anayala ukonde uja, ndipo ana tonse anatiuza kuti tiuponde. Kunali kuvina kosafuna ng'oma. Simenti inkazizira m'zala za kumapazi, ife tikukuwa. Atanyamula ukonde, pansi ponse panatsala timizere topingasana.

Patatha sabata ng'ombe inalowanso. Inanunkhiza pansi, n'kugona. Kenako inadzuka bwinobwino osaterereka, ndipo mayi anaimba nthungululu yomveka mpaka kugombe. Mwana wake anabadwa wamoyo, ndipo ine ndinalawa tiyi wamkaka koyamba.

Masiku ano alimi amagula mphasa za labala, palibe amene amaitana ana kuti aponde ukonde. Mwezi watha mchimwene wanga, amene anatsala ndi kholalo bambo atamwalira, anandiimbira foni kuti ziboda zadya timizere tija, pansi payambanso kuterera. Anati akufuna aswe zonse ayambe chatsopano. Ndinamuuza kuti labalayo agule, koma ayale pamwamba, asaswe. Bwato la bambo linawola kalekale, ndipo pa ntchito ya manja awo chatsala ndi simenti ya m'kholayo yokha.