Magitala a m'Kabati ya Galasi

Bambo anga ankaimba gitala m'bandi ya pa hotela ina mu Blantyre, ine ndili kupulayimale. Gitalayo sinali yawo. Inali ya mwini bandi, ndipo akamaliza kuimba ankaisiya komweko m'chipinda chokhoma. Ine ndinaiona kamodzi kokha, tsiku limene anabwera nayo kunyumba ku Ndirande kuti asinthe mawaya. Inali yakuda m'mbalimu, pakati yofiirira ngati chimanga chootcha bwino, ndipo penti inali itayamba kutha pamene mkono wawo unkakhudza. Anandilola kugwira khosi lokha. Bandi itatha anabwerera ku makina awo osokera pakhonde la sitolo, ndipo ine anandiphunzitsira pa gitala wamba yosweka kumbuyo. Mpaka kumwalira kwawo sanagwirenso gitala ya magetsi.

Kuno ku London ndinabwera ndili wamkulu kale, kutsatira mayi a ana anga amene anapeza ntchito ya unamwino pachipatala cha ku Edmonton. Timakhala pa lendi ku Ilford, m'fulati ya pamwamba pa shopu yogulitsa matayilosi. Ntchito yanga ndi ya keya: ndimayenda khomo ndi khomo kusambitsa okalamba, kuwaveka, kuwanyamula kuchoka pabedi kupita pampando, kuwamwetsa mankhwala. Lamulungu ndinkaimba gitala ku mpingo wathu wa Amalawi, umene umasonkhana m'holo ya sukulu. Gitala yangayo ndinaigula kwa munthu amene ankasamuka. Khosi lake ndi lopindika pang'ono, moti nyimbo isanafike pakati mawaya amakhala atasokonekera kale, ndipo amayi a kwaya ankandicheukira ngati ndikuchitira dala.

Tsiku lina ndili pa ofu ndinakwera sitima kupita m'tauni, ku kamsewu kamene kali ndi mashopu a zida zoimbira okhaokha. Ndinkafuna mawaya basi. Koma pakhoma la shopu ina ndinaona gitala ya bambo ija ili lende, yakuda m'mbali, yofiirira pakati, penti itatha pamalo omwe aja.

Wogulitsa anali mayi wa imvi, wa zipsera za mawaya kunsonga za zala. Anandifotokozera kuti si yakale ayi. Kampani ya ku America imene inkapanga magitala amenewo kalelo inayambanso kuwapanga ndendende, thabwa lake lomwelo, penti yomweyo, kakulungidwe ka tizitsulo totola mawu komweko. Akamaliza amachita kuikalambitsa dala kufakitale: amaikanda, amasupula penti, amachititsa dzimbiri tizitsulo, kuti izioneka ngati yavutika zaka makumi asanu m'manja mwa munthu.

Anaitsitsa n'kuilumikiza ku chokuzira mawu. Nditangokhudza waya woyamba ndinadziwa chimene bambo ankatanthauza akamati gitala yabwino imakuyankha usanamalize kuifunsa. Ndinaimba rumba ya kale mwina mphindi khumi. Kenako ndinatembenuza kapepala ka mtengo. Zinali mapaundi zikwi zinayi ndi kanthu pamwamba.

"Oimba amaigula imeneyi?" ndinafunsa.

Mayiyo anaseka mopanda chimwemwe. "Oimba amabwera kudzaiyesa monga mwachitiramu. Ogula ndi madokotala a mano ndi anthu a kubanki. Ambiri safuna n'komwe kuti ndiilumikize. Amangofunsa ngati satifiketi yake ilipo. Ine ndaimba m'mabala zaka makumi atatu, koma yotereyi yangayanga ndilibe."

Nditafika kunyumba ndinawauza mayi a ana. Sanandiseke. Anati, "Ngati mtima uli pomwepo, muziika padera pang'onopang'ono, bola lendi ndi zotumiza kumudzi zisaime." Ndinayambadi. Koma chaka chilichonse ndikapita kukaiona ndinkapeza mtengo wakwera kuposa zimene ndasunga chaka chimenecho. Zinali ngati kuthamangira basi imene yanyamuka kale. Patatha zaka zitatu ndinasiya kupitako, chifukwa ndinayamba kuchita manyazi ndi mayi uja.

M'chaka chachinayi a ejensi imene inandilemba ntchito ananditumiza kwa madala ena achizungu cha ku Woodford, m'nyumba yaikulu yoyandikana ndi nkhalango. Anali atadwala sitiroko. Mbali ya kumanja inali yakufa, ndipo mawu ankatuluka movutikira, limodzilimodzi. Akazi awo anamwalira kale. Mwana anali mmodzi, bambo wa zaka ngati zanga, amene ankakhala kunja kwa London n'kumabwera kamodzi pa milungu iwiri. Ine ndinkafika m'mawa kuwasambitsa ndi kuwapatsa phala, masana kunkabwera mnzanga wa ku Zambia.

Mlungu wachiwiri anandilozera ndi dzanja lamanzere kuti ndiwakankhire m'chipinda cha kumapeto. Ndinatsegula chitseko. Khoma lonse linali kabati ya galasi, m'kati muli magitala khumi ndi imodzi, iliyonse ndi kanyali kake. Pakona panali kamakina kosunga chinyezi kuti thabwa lisang'ambike, kakungolira tsiku lonse. Ena mwa magitalawo anali adakali ndi timapepala ta kushopu. Yachitatu kuchokera kumanzere inali ija.

"Munkaimba?" ndinawafunsa.

Anapukusa mutu. Pang'onopang'ono, masiku angapo, ndinaimva nkhani yake. Ali mnyamata ankalakalaka gitala koma makolo awo analibe ndalama. Atalemera ndi bizinesi ya nyumba anayamba kugula, koma apo n'kuti zala zitauma ndipo nthawi yophunzira inalibe. Ankangokhala m'chipindamo ndi tiyi, kumayang'ana. Munthu wowalangiza za chuma anawauzanso kuti akapanda kuwagwiragwira mtengo wake udzakwera.

Ndinachita nawo nsanje, sindikana. Ndinkawapukuta kumsana ndikuganiza kuti dziko ili ndi lokhota: wa zala alibe gitala, wa magitala alibe zala. Koma anali munthu wabwino, wothokoza pa kalikonse. Tsiku lina ndikuwameta ndevu ndinkang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, ndipo anandigwira dzanja lamanzere n'kuyang'anitsitsa kunsonga kwa zala zanga.

"Iwe... umaimba," anatero.

Ndinavomera. Anandilozera kabati ya pambali pa bedi, mmene munali kiyi wa magitala aja m'kachikwama ka magalasi. Ndinakana. Ndinawauza kuti malamulo a ntchito salola kugwira katundu wodula wa kasitomala. Anamenya dzanja la mpando katatu, nkhope itafiira, n'kunena mawu amodzi omveka bwino kuposa onse amene ndinawamvapo: "Zanga."

Ndinatsegula kabati ya galasi n'kutulutsa gitala yachitatu ija. Mawaya anali a kufakitale, sanakhudzidwepo. Chokuzira mawu chinalipo pakona, nachonso chatsopano. Ndinakhala pa kampando n'kuyamba nyimbo ya pang'onopang'ono imene timaimba pa mgonero. Nditakweza maso ndinaona misozi ikutsika tsaya limodzi lokha, lamanzere. Nditasiya anazunguza chala m'mwamba kuti ndibwereze.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikamaliza kuwasambitsa ndi kuwadyetsa, tinkalowa m'chipindamo kwa kotala la ola. Iwo ndi amene ankasankha gitala ya tsikulo, koma kawirikawiri ankaloza ija yachitatu chifukwa anaona mmene ndinkaigwirira. Ndinawaimbira nyimbo za kwathu, za maukwati, za maliro, ndi zina za achinyamata a nthawi yawo zimene ankayesa kuzing'ung'udza kuti ndizigwire. Phala anayamba kumaliza. Ngakhale namwino wowayendera ananena kuti mawu awo akumveka bwinoko. Inali miyezi iwiri ndi theka. M'moyo wanga wonse sindinaimbepo bwino ngati m'chipinda chimene chija, pamaso pa munthu mmodzi wovala zogonera.

Lachisanu lina mwana wawo anabwera m'mawa mosayembekezeka. Sitinamve galimoto chifukwa cha nyimbo. Ndinangoona munthu ali chilili pakhomo, makiyi m'manja.

"Ukuchita chiyani ndi chimenecho?"

Ndinaimirira n'kufotokoza kuti bambo ake ndi amene anandipempha. Anandilanda gitalayo mosamala ngati akulanda khanda kwa munthu woledzera, anaitembenuza, n'kuiyang'ana pafupi ndi windo. Kumbuyo kwake kunali kamzere kakang'ono, mwina ka chitsulo cha lamba wanga. Kanali pakati pa mikwingwirima ina yambirimbiri imene anaika a kufakitale.

"Aka si ka kufakitale," anatero. Anatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi zimene anajambulira a inshuwalansi. Kamzereko kunalibedi. "Ukudziwa kuti wachotsa ndalama zingati pamenepa? Iyi inali yosagwiritsidwapo ntchito. Tsopano ndi kaunjika."

Ndinafuna kufunsa kuti zitheka bwanji kuti kukanda kwa makina kukweze mtengo, kukanda kwa munthu woimba kuutsitse. Madala aja ankayesetsa kulankhula, akumenya mpando. "Ine... ine... ndinamuuza." Mwanayo anawagwira paphewa mwaulemu ndithu n'kunena kuti, "Adadi, musadzivute, ndikonza ine." Kenako anatembenukira kwa ine. "Bambo anga mutu sukugwira bwino. Iwe unayenera kudziwa zimenezo."

Mutu wawo unkagwira bwinobwino. Lilime lokha ndi limene linali lolemera.

Lolemba manijala wa ejensi anandiitana. Anandipatsa kalata ya chenjezo n'kundichotsa panyumbapo. Anati ndithokoze kuti banjalo silinafune kuti ndilipe, komanso kuti nkhani ngati imeneyi ikapita patali ikhoza kundiipitsira mapepala a ntchito. Ndinasaina. Sanandilole ngakhale kukatsanzika. Mayi a ana atamva anati, "Inunso abambo, m'dziko la eni muno mumagwira bwanji zinthu za anthu?" Sanalakwitse. Koma usiku ndi usana mawu amene ankandibwerera anali aja a madala akumenya mpando.

Patapita miyezi inayi ndinakumana ndi mnzanga wa ku Zambia uja pamalo okwerera basi ku Ilford. Iye anapitiriza kugwira panyumba paja.

"Mwamvela? Ba mudala baja banamwalira," anatero. "Benze kukufunsani maningi. Kiyi mwana anatenga. Manje benze kunipempha chabe ati nibapeleke ku chipinda chija, bankala, bayangana, basi. Pa lasti banaleka na kudya."

Ndinamufunsa za magitala. Anati maliro asanathe n'komwe kunabwera anthu awiri ovala magolovesi oyera, anawalongedza m'mabokosi n'kupita nawo ku okushoni. Ndinakumbuka okushoni ya fodya kwathu, mmene mlimi amaimira kumbali anthu ena akutchula mitengo ya thukuta lake. Ndikhulupirira kuti anagulidwa ndi anthu enanso a makabati a galasi.

Nthawi imeneyo n'kuti dzanja langa lamanzere litayamba kale kuchita dzanzi. Poyamba zinali zala ziwiri, m'mawa mokha. Ndinkaganiza kuti ndi kuzizira. Kenako kapu inayamba kundipulumuka. Dokotala anati ndi mtsempha wa pamfundo ya dzanja umene wapanikizika chifukwa cha zaka zonyamula anthu, ndipo anandilemba pa mndandanda wodikira opaleshoni. Ndinadikira kupitirira chaka, ndikugwirabe ntchito yomweyo chifukwa lendi sidikira. Opaleshoni itachitika ululu unachepa, koma mphamvu ya chala chachikulu ndi cholozera sinabwerere. Dokotalayo ananena mosabisa kuti tinachedwa.

Ndinayesa kuimbabe kutchalitchi milungu itatu. Mlungu wachitatu, pakati pa nyimbo ya chopereka, zala zinakana kukanikiza mawaya ndipo gitala inangolira phokoso losamveka. Abusa anapitiriza ndi m'manja, mpingo n'kutsatira. Titaweruka ndinawauza kuti afune wina. Anandigwira dzanja n'kupemphera, ndipo ndinawathokoza.

Ndalama zimene ndinkasunga zija tinalipirira chipinda cha mwana wathu wamkazi atayamba yunivesite. Sindidandaula nazo, zinapita pabwino. Iye Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo atabwera pa holide anandiuza kuti akadzayamba ntchito adzandigulira gitala iliyonse imene ndikufuna. Ndinamuyankha kuti zikomo mwanawe. Sindinamuonetse mmene dzanjali limanjenjemerera ndikafuna kumanga batani la malaya.

Masiku ano Lamulungu ndimakhala kumbuyo kwa holo, pa tebulo la makina okweza ndi kutsitsa mawu. Amene amaimba gitala tsopano ndi bambo wina wochokera ku Lewisham, wakhama ndithu, koma amathamangitsa nyimbo. Ndimamva pamene akanayenera kudikira, pamene akanayenera kusiya waya kuti alire yekha, ndipo zala zanga zimagwedezeka pa bondo. Tikaweruka ndimakulunga zingwe, ndimazilonga m'thumba, kenako timakakwera basi ya ku Ilford. Lolemba ndimayamba seveni koloko kwa agogo ena a ku Barkingside amene samva n'komwe.